Firewall ikayamba kutseka zomwe simunaitume, umu ndi mmene mungaigwirire

Chopweteka ndi firewall, mlonda uja wosankha zolowa ndi zotuluka pa netiweki, sikutseka ayi, ntchito yake ndi imeneyo. Chopweteka n'choti imatseka mwakachetechete. Dzulo pulogalamu imagwira bwinobwino, lero mwayatsa kompyuta kabwalo kaja kakungozungulira osatsegula kanthu, nde mumayamba kuloza chala rauta, mwaizimitsa mwaiyatsa, mwazula waya mwabwezeretsa, mwatukwana kampani ya intaneti mumtima, pomwe wolakwa ali mkati mwa makina anu omwe wangoti phee ngati sakudziwa kanthu.

Ambirife timathamangira kuzimitsa firewall yonse. Zikagwira timati eya ndi yomweyi, n'kuisiya yozima mpaka kalekale. Zikapanda kugwira timati firewall ilibe mlandu, n'kukasaka kwina. Zonse ziwirizi n'zonamiza, chifukwa pakati pa pulogalamu yanu ndi seva yomwe mukuifuna sipakhala mlonda mmodzi. Tawerengani: pali firewall yobwera ndi Windows kapena Linux kapena macOS, pali ya antivayirasi, pali kapulogalamu koonera netiweki komwe munaika chaka chatha n'kuiwala monga GlassWire, Little Snitch, LuLu, Portmaster kapena OpenSnitch, pali VPN ndi kill switch yake yomwe imadula intaneti VPN ikagwa, pali chosefa DNS (kaundula wosandutsa dzina la tsamba kukhala adiresi ya IP) ngati Pi-hole, pali rauta, ndipo kutsidya uko seva nayo ili ndi alonda ake. Alonda 7 amenewo. Mukagoneka mmodzi geti n'kukhalabe lotseka simunaphunzirepo kanthu. Nde zomwe ndikufuna tichite pano ndi kufunsa mlonda aliyense kuti kodi ndiwe, iye avomere yekha ndi umboni wolembedwa.

Mvetserani kaye mmene chikukanira

Musanagwire setting ina iliyonse, siyani kaye browser, imabisa zambiri. Tsegulani terminal kapena PowerShell mulembe:

curl -v https://dzina-la-tsambalo

Curl ilipo pa Linux ndi macOS, ndipo Windows 10 inayamba kubwera nayo kuyambira version 1803 mu 2018, kungoti mu PowerShell yakale muzilemba curl.exe kuti isakupatseni chinthu china chongobwereka dzina. Ngati chomwe chikukana si tsamba koma port inayake, khomo la nambala lomwe pulogalamu imalandirirapo zolumikizana, pa Windows lembani Test-NetConnection dzina -Port 443, pa Linux kapena Mac nc -vz dzina 443, nambalayo musinthe kukhala ya port yanuyo.

Tsopano onani kuti yankho labwera lotani komanso latenga nthawi yaitali bwanji, chifukwa theka la ntchito lathera pomwepa. Makompyuta awiri akamalumikizana pa TCP amayamba ndi moni wa mbali zitatu: wanu amatumiza SYN, winayo amayankha SYN-ACK, wanu amatsiriza ndi ACK. Firewall ili ndi njira ziwiri zokanira moniwo. Ina ndi REJECT, imakuuzani poyera kuti ayi. Ina ndi DROP, imangotaya paketi yanu, kamtolo ka deta komwe mwatumiza, osanena kanthu, inu n'kumadikira ngati munthu wogogoda pakhomo lopanda anthu. Nde mukaona cholozera chikungophethira masekondi ambirimbiri kenako n'kulemba "timed out", fungo la firewall lamveka, penapake pali DROP. Koma likabwera msangamsanga loti "Connection refused", kawirikawiri paketi yafika ndithu pamakinawo koma palibe pulogalamu yomwe ikumvetsera pa port imeneyo.

Apa ndi pomwe anthu amaipachikira firewall mlandu wabodza. Pitani pa makina omwe akuyenera kulandirawo, pa Linux lembani ss -tlnp, pa Windows netstat -ano, muone ngati port yanu ilipo pamndandanda. Ndipo musangoona nambala ya port, onaninso adiresi yomwe ili kumanzere kwake. Ikakhala 127.0.0.1 ndiye kuti pulogalamuyo ikungoyankhula ndi makina ake omwewo basi, wakunja sangaipeze olo mutachotsa ma firewall onse apadziko. Ikakhala 0.0.0.0 ndiye kuti ikumvetsera mbali zonse. Ma database ambiri amabwera atatsekeredwa pa 127.0.0.1 dala, ndipo kukonza kwake kuli mu fayilo ya config ya pulogalamuyo.

Yankho likakhala "Could not resolve host", paketi yanu sinanyamuke n'komwe, yasowa adiresi. Imeneyo ndi nkhani ya DNS. Funsani kawiri: nslookup dzina, kenako nslookup dzina 1.1.1.1 kapena 8.8.8.8. Loyamba likakana kapena kukupatsani 0.0.0.0 pomwe lachiwiri lapereka IP yeniyeni, chosefa chanu ndi chomwe chadya dzinalo. Pi-hole ikatseka dzina imayankha 0.0.0.0 imeneyo, ndipo mukatsegula Query Log yake mulipeza dzinalo litalembedwa kuti latsekedwa, n'kuliika pa mndandanda wololedwa. Chomwe chimasokoneza mutu n'choti nthawi zambiri dzina lotsekedwalo si la tsamba lomwe mukuliona ayi, ndi kadzina kena komwe tsambalo limakatengako zithunzi kapena batani lolowera, nde tsamba limatseguka koma batani silikudinika. Siyani Query Log yotsegula mbali imodzi, mbali inayo dinani batani lija, muona dzina lofiira likutulukira nthawi yomweyo. Musaiwalenso fayilo ya hosts, pa Windows ili ku C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts, pa Linux ndi Mac /etc/hosts, mapulogalamu ena otseka zotsatsa malonda amalembamo mayina n'kuwasiya momwemo atachotsedwa. Komanso ngati browser ikutsegula koma mapulogalamu ena onse akukana, dziwani kuti Firefox ndi Chrome amatha kufunsa DNS paokha kudzera pa HTTPS, kulambalala chosefa chanu chija.

Yankho likakhala dandaulo la setifiketi, chiphaso chotsimikizira kuti tsambalo ndi lenileni, onani kaye wotchi ya kompyuta, tsiku likalakwika masetifiketi onse amaoneka otha ntchito. Wotchi ikakhala bwino tsegulani setifiketiyo muone amene waisayina. Mukapezapo dzina la antivayirasi yanu ndiye kuti ikutsegula ma HTTPS anu kuti iwafufuze n'kuwamatanso ndi chidindo chake, ndipo pali mapulogalamu ena, makamaka a mabanki ndi ochita apudeti, omwe amakana chidindo chachilendo zivute zitani. Zimitsani gawo lofufuza HTTPS lokhalo muyesenso, antivayirasi yonse isiyeni.

Pa Windows

Chinthu choyamba, chomwe chimatha theka la madandaulo a pulinta ndi mafoda ogawana: profile. Windows imagawa netiweki patatu, Domain, Private ndi Public, ndipo lamulo lililonse la firewall limagwira pa profile yomwe linachongedwa. Mukasintha rauta kapena dzina la Wi-Fi, Windows imaiona ngati netiweki yachilendo n'kuiika pa Public, pamenepo port 445 ya mafoda ogawana yatsekeka, pulinta yasowa, inu simunakhudze kanthu. Lembani Get-NetConnectionProfile mu PowerShell muone mzere wa NetworkCategory. Ngati ili netiweki yanu yomwe mumaikhulupirira, Set-NetConnectionProfile -InterfaceAlias "Wi-Fi" -NetworkCategory Private, mutatsegula PowerShell ngati administrator. Basi.

Chachiwiri ndi kabokosi kaja kamatulukira mukangotsegula pulogalamu yatsopano, kofunsa ngati muilole kulandira zochokera kunja. Munthu uli pachangu umangodina Cancel kuti kachoke pamaso. Windows siiwala, imalemba malamulo otseka pulogalamuyo pomwepo ndipo sidzakufunsaninso. Nde mawa mukalemba lamulo lanu lolola silithandiza, chifukwa mu Windows Defender Firewall lamulo lotseka limagonjetsa lolola, zilibe kanthu kuti linalembedwa liti. Dinani Windows ndi R, lembani wf.msc, lowani mu Inbound Rules, sakani dzina la pulogalamuyo pakati pa malamulo okhala ndi chizindikiro chofiira, limenelo mulizimitse kapena mulichotse. Muli momwemo onaninso njira ya fayilo yomwe lamulo lolola likuloza. Mapulogalamu ena akachita apudeti amasamukira mu foda yatsopano yokhala ndi nambala ya version, lamulo n'kutsala likulondera foda yakale yopanda kanthu.

Zikakanika izi, iuzeni firewall iyambe kulemba, pajatu imabwera isakulemba zomwe yataya:

netsh advfirewall set allprofiles logging droppedconnections enable

Yesaninso chinthu chokana chija, kenako tsegulani C:\Windows\System32\LogFiles\Firewall\pfirewall.log ndi Notepad ya administrator. Mzere uliwonse uli ndi tsiku, nthawi, mawu oti DROP, TCP kapena UDP, IP yochokera, IP yopita, ndi ma port awiri. Fananitsani ndi mphindi yomwe munayesa. Koma log imeneyi ili ndi malire, sikuuzani lamulo lomwe lataya paketiyo. Nde pali njira ina yakuya, yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse.

Pansi pa firewall yomwe mumaiona pali chimakina china chotchedwa Windows Filtering Platform, chinabwera ndi Windows Vista. Firewall ya Windows imaika zosefa zake mmenemo, koma ma VPN, ma antivayirasi ndi mapulogalamu ngati simplewall nawo amaika zawo momwemo, ndipo za alendowa simungazione mu wf.msc olo mutayang'ana mpaka maso kuwawa. N'chifukwa chake munthu amazimitsa firewall ya Windows zinthu n'kukhalabe zotseka. Kuti muzione lembani izi mu Command Prompt ya administrator:

auditpol /set /subcategory:"Filtering Platform Connection" /failure:enable

Yesani kulumikiza kuja, tsegulani Event Viewer, Windows Logs, Security, sakani Event ID 5157. Mmenemo muli dzina la pulogalamu yomwe yatsekedwa, IP ndi port yomwe imafuna, komanso kanambala kotchedwa Filter Run-Time ID. Kalembeni penapake. Kenako netsh wfp show filters, ikupangirani fayilo ya filters.xml mufoda yomwe muli, muitsegule musake kanambala kaja, pafupi pake mupeza dzina la chosefacho ndi mwini wake.

Ine njira imeneyi inandipulumutsa tsiku lina nditagwira njakata. Laputopu imalumikiza Wi-Fi bwinobwino, IP yalandira, koma palibe chomwe chikutuluka, olo ping yopita ku rauta yomwe ili patebulo pomwepo. Ndinazimitsa firewall ya Windows, zii. Ndinachotsa driver ya Wi-Fi n'kuikanso, zii. Ndinachita netsh winsock reset, restart kangapo, mutu kuyamba kutentha. Nditafika pa filters.xml n'kudina Ctrl ndi F n'kuika nambala ija, chomwe chinatuluka ndi dzina la VPN ina yomwe ndinali nditaichotsa masabata angapo m'mbuyomo, pambali pake pali mawu oti block. Kill switch yake inasiya zosefa zokhalitsa, zoti chilichonse chosadutsa mu VPN chitayidwe, VPN yo kulibe, nde zonse zimangotayidwa. Ndinakatenga installer yake pa kompyuta ina ndi flash, kuiikanso, kuzimitsa kill switch mkati mwake, kenako kuichotsa mwadongosolo. Intaneti inabwerera osachita n'komwe restart. Kuyambira pamenepo ndisanachotse VPN iliyonse ndimayamba ndazimitsa kill switch.

Mukamaliza muzimitse auditpol ija, mzere womwewo koma /failure:disable, apo ayi Security log idzaza ndi zinyalala. Ndipo za netsh advfirewall reset zomwe anthu amakonda kulangizana: imabwezeretsa malamulo a firewall ya Windows mmene analili pachiyambi, kutanthauza kuti anu onse omwe munalemba apita, koma zosefa za alendo zija siizikhudza. Ngati mukufunabe kuichita yambani ndi netsh advfirewall export "C:\malamulo.wfw" kuti mukhale ndi pobwerera. Chinanso, musamaimitse service ya firewall mu services.msc poganiza kuti ndiye kuzimitsa kwenikweni, pali zinthu zina za Windows zomwe zimadalira service imeneyo ndipo mungoonjezera matenda. Malo omaliza oyang'ana ndi ncpa.cpl, Properties ya adapter yanu, pali mndandanda wa timabokosi tochonga. Mukaonapo dzina la antivayirasi kapena pulogalamu yoonera netiweki yomwe munaichotsa kale, chotsani chongacho muyese.

Mac ndi foni, mwachidule

Firewall yobwera ndi macOS imayang'ana zolowa, nde pulogalamu ikamakanika kutuluka kayikirani mlendo. Kuyambira Big Sur mu 2020 mapulogalamu ngati Little Snitch ndi LuLu amagwira ntchito ngati network extension, ndipo extension imatha kutsala ikugwira pomwe inu mukuyesa munathana nayo. Lembani systemextensionsctl list muone zomwe zili moyo, muyang'anenso mu System Settings pansi pa Network pomwe pamaoneka ma filter. Mukapeza awiri kapena atatu akusefa limodzi, zimitsani mmodzimmodzi. Mu Little Snitch onaninso ngati simunaisiye pa Silent Mode yokana, imeneyo siifunsa, imangotseka chilichonse chopanda lamulo. Pa Android, ma firewall osafuna root monga NetGuard amadzipanga VPN, ndipo foni imalola VPN imodzi yokha pa nthawi, nde mukayatsa ina inzake imagwa. Ndipo mu settings za VPN muli kabatani ka "Block connections without VPN", kakakhala koyaka VPN itafa, foni yonse ilibe intaneti.

Pa Linux

Kuno lamulo la masewera ndi losiyana ndi la Windows. Mu iptables, chida cholembera malamulo a firewall ya Linux, paketi imayenda kuchokera pamwamba kutsika, lamulo loyamba kuigwira ndi ACCEPT kapena DROP ndi lomwe lapambana, otsatirawo saionanso. Cholakwa chomwe aliyense amachita kamodzi pamoyo wake ndi kulemba lamulo lolola ndi -A, lomwe limakaliika kumapeto, pansi pa lamulo lotaya zonse. Lamulo lilipo, lalembedwa bwino, koma paketi sifikako. Gwiritsani -I kuti likhale pamwamba.

Ubwino wake Linux sinama, lamulo lililonse lili ndi kawerengero kake:

sudo iptables -L -n -v --line-numbers

Mizati ya pkts ndi bytes ikusonyeza kuchuluka kwa zomwe lamulo lililonse lagwira. Chitani sudo iptables -Z kuti manambala abwerere pa 0, yesani kulumikiza, onaninso. Mzere womwe nambala yakwera ndi womwe wagwira paketi yanu. Lamulo lanu lolola likakhalabe pa 0 musalimbane nalo, yang'anani pamwamba pake. Pamakina atsopano omwe akuyendera nftables, yolowa m'malo mwa iptables, lembani sudo nft list ruleset muone zonse pamodzi. Ndipo musaiwale kuti IPv6 ili ndi malamulo akeake mu ip6tables, zimachitika kuti mwatsegula mbali ya IPv4 pomwe kompyuta yanu ikuyesa kulowera ku IPv6. Curl -4 ndi curl -6 zikuuzani msanga mbali yomwe ikudwala.

Ngati muli ndi ufw, chida chosavuta choyendetsera firewall, sudo ufw status numbered, ndipo zomwe yataya imazilemba ndi mawu oti UFW BLOCK, mu /var/log/ufw.log kapena mu journalctl -k. Pamzerepo yang'anani SRC, DST, PROTO ndi DPT, DPT yo ndiyo port yomwe imafunidwa. Ngati muli ndi firewalld, ya ku Fedora ndi Red Hat, misampha ilipo iwiri. Woyamba ndi ma zone: mwatsegula port mu zone ina pomwe adapter ili mu ina, onani ndi firewall-cmd --get-active-zones. Wachiwiri ndi woti lamulo lopanda --permanent limafa pa reload kapena restart, pomwe lokhala ndi --permanent siligwira mpaka mutachita firewall-cmd --reload. Nkhani zambiri za "dzulo zimagwira, taizimitsa seva lero zakana" zimachokera pamenepa. Kuti iyambe kulemba zomwe ikukana, firewall-cmd --set-log-denied=all.

Docker, yomwe imayendetsa mapulogalamu m'timabokosi totchedwa ma container, nayo imalemba malamulo ake mu iptables osakufunsani. Imaika policy ya FORWARD pa DROP, nde makina omwe amadutsitsa mapaketi a VPN kapena a ma virtual machine amatha kusiya kudutsitsa tsiku lomwe mwaika Docker. Mbali inayo n'koopsa kwambiri: port yomwe mwaitsegula ndi -p imalambalala malamulo a ufw, mukuyesa mwatseka pomwe pali pululu. Malamulo anu okhudza ma container malo ake ndi chain ya DOCKER-USER.

Nanga seva ikamalola aliyense koma inu nokha? Kayikirani fail2ban. Pulogalamu imeneyi mmene imabwera musanaisinthe, mukalakwitsa password ka 5 mkati mwa mphindi 10 imatseka IP yanu kwa mphindi 10, ndipo ambiri amaitalikitsa nthawiyo. Sikuti mpaka mulakwitse ndinu, kapulogalamu ka imelo pafoni komwe kakuyesabe password yakale kakhoza kukutsekeretsani, kapena munthu wina yemwe mukugawana naye IP imodzi ya kunja. Lowani kudzera pa netiweki ina, sudo fail2ban-client status sshd muone mndandanda, kenako sudo fail2ban-client set sshd unbanip ndi IP yanuyo. Ngati IP yanu sisinthasintha iikeni pa ignoreip mu jail.local.

Chida chothetsa mkangano woti vuto lili pa seva kapena panjira ndi tcpdump, chifukwa imaona paketi yolowa firewall ya makinawo isanaigwire:

sudo tcpdump -ni any port 443

Isiyeni ikuyenda, yesani kulumikiza kuchokera kunja. Mukaona mizere ya Flags [S] ikubwera mobwerezabwereza popanda yankho la [S.] kutuluka, paketi yafika ndipo yafera mkati mwa makina omwewo, bwererani ku iptables. Mukapanda kuona kalikonse, musavutikenso ndi seva, paketi yafera panjira: rauta, port forwarding, kapena firewall ya kampani yosunga seva, monga security group pa AWS, yomwe ili kunja kwa makina anu ndipo iptables siidziwa n'komwe. Ndipo ngati seva imangotaya anthu nthawi yomwe kwachuluka ntchito, lembani dmesg musake mawu oti "nf_conntrack: table full, dropping packet". Pamenepo palibe lamulo lolakwa, kaundula wosunga zolumikizana wadzaza, mukweze nf_conntrack_max kapena mupeze chomwe chikumudzaza.

Zija zogwira theka

Izi nde zimapengetsa. Tsamba laling'ono likutseguka, lalikulu likuima pakati. Pa SSH, njira yolowera makina akutali, mwalowa bwino koma mukangolemba lamulo lotulutsa mizere yambiri yauma. Imelo yopanda chithunzi ikupita, yokhala ndi chithunzi ayi. Apa mwina wina anatseka ICMP yonse, timauthenga tomwe makina amadziwitsana nato za mavuto apanjira, poganiza kuti ICMP ndi ping basi. Paketi wamba ya Ethernet imafika ma byte 1500, koma njira zina n'zopapatiza, PPPoE imalola 1492, WireGuard imayambira pa 1420. Paketi yaikulu ikafika pamalo opapatiza rauta ya pamenepo imabweza uthenga wa ICMP, type 3 code 4, woti chepetsa. Firewall ikataya uthenga umenewo wotumiza samva, amangotumizabe zazikulu zomwe zikufera panjira, timapaketi tating'ono tokha n'kumadutsa. Yesani chonchi pa Windows: ping -f -l 1472 dzina, pa Linux ping -M do -s 1472 dzina. 1472 yo kuphatikiza 28 ya mitu ya paketi ndi 1500. Ikakana tsitsani nambala pang'onopang'ono mpaka idutse, muonjezere 28, imeneyo ndiyo MTU yeniyeni ya njira yanu, kutanthauza kukula kwa paketi yaikulu yomwe ingadutse. Mankhwala ake ndi kulola ICMP ya mtundu umenewo, kapena kuyatsa MSS clamping pa rauta, yomwe imachepetseratu kukula kwa mapaketi a TCP. Ku IPv6 nde musayerekeze n'komwe kutseka ICMPv6 yonse, makina amapezana ndi anzawo apafupi kudzera momwemo.

China chogwira theka ndi UDP, njira ina yotumizira mapaketi yopanda moni uja wa TCP. Anthu amalola TCP 443 n'kuiwala kuti QUIC, yomwe HTTP/3 imayendera, ili pa UDP 443. Browser imabwerera ku TCP ikaona kuti sizikutheka nde mwina mungoona kuchedwa poyamba, koma mafoni a pa intaneti ndi magemu amadalira UDP kwambiri, kumakhala kuti foni ikuitana, mwayankha, mawu osamveka.

Rauta ndi zida zoonera netiweki yonse

Njira yachangu yodziwira ngati vuto lili pa rauta ndi kulumikiza kompyuta yomweyo ku hotspot ya foni. Zikagwira kumeneko, kompyuta yanu ilibe mlandu. Pa rauta yoyendera pfSense zotayidwa zili ku Status, System Logs, Firewall, pa OPNsense kuli Live View pansi pa ma log a firewall, sefani ndi IP ya makina anu. Kumbukirani kuti malamulo amawerengedwa pa interface yomwe paketi yalowera, lamulo la makompyuta a mkati limakhala pa LAN, mbali ya mkati, osati pa WAN, mbali ya ku intaneti. Ndipo mukasintha lamulo, zolumikizana zomwe zinalipo kale zimapitirira ndi chilolezo chakale mu state table, nde mutha kuganiza kuti kusintha kwanu sikunagwire pomwe mukungofunika kufufuta ma state a IP imeneyo.

Snort ndi Suricata, mapulogalamu ofufuza zokayikitsa pa netiweki, ndi nkhani ina. Zikakhala pa IDS zimangoona n'kukuwa, zikakhala pa IPS zimadula. Munthu amaziika kuti aziona zomwe zikuchitika, kenako tsiku lina amayatsa kutseka ndi malamulo masauzande omwe sanawawerengepo, ndipo malamulowo amadzisintha okha usiku. N'chifukwa chake chinthu chimagwira madzulo m'mawa chakana popanda munthu kugwira kanthu. Chizindikiro chake nthawi zambiri ndi "connection reset" pakatikati, moni uja utadutsa kale. Mu Suricata tsegulani fast.log kapena eve.json, sakani IP ndi nthawi, mupeza nambala ya SID ya lamulo lomwe lakuwa. Werengani kaye zomwe lamulolo likunena musanalitonthoze, nthawi zina limakhala likunena zoona ndipo makina anuwo ali ndi kachilombo. Ngati lalakwitsa, zimitsani SID imodziyo, kapena muitonthoze pa IP imodziyo yokha, osati gulu lonse la malamulo. Onaninso mndandanda wa ma IP otsekedwa, chifukwa makonzedwe ena amatseka IP yonse kwa kanthawi ikangokuwidwa kamodzi, ndipo imakhalabe mmenemo olo mutakonza lamulo.

Mukamupeza wolakwa tsegulani kachibowo kongokwana: port imodziyo, kuchokera ku IP kapena netiweki yomwe ikufunika, pa profile kapena zone yoyenera. Lamulo la any kupita ku any lomwe mwati ndi longoyesera silichoka, mudzalipeza zaka zikubwerazi mukudabwa analemba ndani. Lipatseni dzina lomveka, mu ufw muli comment, mwachitsanzo sudo ufw allow from 192.168.1.0/24 to any port 9100 proto tcp comment 'pulinta'. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, chikapanda kuthandiza chibwezereni musanagwire china, komanso ma log omwe munayatsa aja muwazimitse.

Ndipo ngati makina omwe mukukonzawo ali kutali, mukuwafikira pa SSH kapena Remote Desktop, dziikireni chingwe chobwererera musanakhudze lamulo lililonse. Pa ufw, muli root, lembani:

echo "ufw disable" | at now + 10 minutes

Mukadzitsekera kunja dikirani mphindi 10, geti litseguka lokha. Windo lomwe mwalowera lija musalitseke, tsegulani lachiwiri muyese kulowa mwatsopano, chifukwa loyambalo likupumira pa chilolezo chakale ndipo likhoza kukunamizani kuti zonse zili bwino. Lachiwirilo likalowa, lembani atq muone nambala ya ntchito ija, muichotse ndi atrm isanakuzimitsireni firewall.